Zikomo nonse amene munatigwira mkono pa matenda a bambo

Abale anga a kuno ku Ulongué, a ku Tete komanso inu muli ku Joni, ndati ndithokoze poyera. Bambo atatuluka ku Hospital Provincial de Tete komwe anagonekedwa ndi vuto la mtima wofooka, uja wosapopa bwino magazi mpaka madzi kumadzadza m'mapapo ndi m'miyendo, tonse tinali ndi mantha kuti posachedwa tikweranso chapa kubwerera komweko. Mpaka lero sanagonekedwenso, dzulo ayenda okha mpaka kudimba.

Zikomo enfermeira (namwino) amene munandikhazika pansi tsiku lotuluka. Simunangondipatsa mapiritsi nkundiuza pitani ayi. Munati m'mawa uliwonse bambo akakodza, asanadye kanthu, akwere pasikelo ife tilembe mukope, ndipo akangowonjezera makilo 2 m'masiku 3 tidziwe kuti ndi madzi amenewo osati kunenepa, tithamangire ku centro de saúde osadikira tsiku la konsulta. Munandionetsanso kudina chala pamsongolo, pakatsala kadzenje ndiye kuti madzi ayambanso, chimodzimodzi akamafuna mapilo ambiri usiku kapena kudzidzimuka akubanika. Sikeloyo anatumiza ndi achimwene ku Moatize, zikomo achimwene.

Koma amayi anga inu, sindikudziwa ndinene chani. Amene mumawadziwa bambo mukudziwa kuti nsima popanda chicoa kwa iwo sinali nsima, ndiye ganizani kuwauza kuti nsomba yamchere ija basi, caldo wokometsera ndiwo uja nayenso basi, poti mchere umasunga madzi m'thupi. Masiku oyamba ankakankha mbale. Amayi sanawaphikire zapadera, anangosintha mphika wa nyumba yonse, tonse tikudya ndiwo za tomato wambiri, anyezi, adyo ndi kandimu pang'ono kuti bambo asamaone ngati akulangidwa okha. Ine ndimaona kuti chimenechi chinathandiza kwambiri kuposa kukalipa kwathu anafe.

Zikomonso APE wathu wa njinga, wazaumoyo woyendera m'midzi, mumadutsa kudzaona ngati furosemida, mapiritsi okodzetsa ochotsa madzi m'thupi, akumwa m'nthawi yake, ndipo ndinu munatiletsa kuwagulira ibuprofeno ndi diclofenac pamsika msana ukamawawa poti amasunga madzi m'thupi. Amayi a mpingo munatipalirira mbatatesi tili kuchipatala, Mulungu akubwezereni pomwe munachotsa.

Ofuna kudzawaona bwerani ndithu koma chakumasana, m'mawa mapiritsi okodzetsa aja sawalola kukhala pansi nthawi yaitali.