Mmene ndinasinthira kamakina kanga kokazingira khofi kuti kazigwira ntchito pa gasi

Mtima tsopano wakhala pansi, kamakina kanga kokazingira khofi kayambanso kugwira ntchito, koma zomwe anandichita owotcherera ena kuno ku Kasungu mpaka pano zikundiwawabe. Kamakinaka anandibweretsera achimwene kuchokera ku Johannesburg, ndi kadilamu kakang'ono kozungulira ndi magetsi, kamalowa magalamu 250 a khofi wosakazinga. Kunoko khofi sitilima, ife ndi fodya ndi mtedza basi, ndiye njere zake amanditumizira alamu anga pa basi kuchokera ku Mzuzu, Arabica wa ku Misuku ku Chitipa kapena wa ku Phoka ku Rumphi.

Vuto linali magetsi. Khofi ukayamba kukazinga sungamusiye pakati kuti udzapitiriza madzulo ayi, magetsi akathima njere zili zachikasu ndiye kuti zapita, ukazibwezera pamoto zimatuluka zopanda fungo. Akabweranso ofooka waya wotenthetsa dilamu sufiira bwino, ntchito ya mphindi 12 imakoka mpaka theka la ola, khofi wake kukamwa kuli zii. Ndiye ndinaganiza zochotsa wayayo, pansi pake ndiike chitofu cha gasi cha diso limodzi, mota yake ndisinthe ndiike ya waipa ya galimoto yomwe imayenda ndi batire ya 12V ya sola yomwe ndili nayo kale. Mota ya waipa ndi yabwino chifukwa ili ndi mphamvu koma sithamanga, dilamu imafuna izizungulira ka 40 mpaka ka 60 pa mphindi. Kadilamu kobwera nako kanali ndi pulasitiki m'mbali, pa lawi sikakanapirira, ndiye panafunika dilamu ina.

Apa mumvetsetse, dilamu ikhale ya sitenilesi, chitsulo chosachita dzimbiri chija, osati lata, ndipo isapakidwe penti.

Ndinawafotokozera bwinobwino owotcherera aja, mpaka kuwajambulira papepala. Iwo amvekere, "Akulu musadandaule, zokazingira mtedza ndapangapo zambiri, iyi ndi yaing'ono." Ndinapereka dipoziti. Tsiku lomwe tinagwirizana ndikupita, akuti magetsi kunalibe, chabwino zimenezo ndinamva. Ulendo wina mnyamata wawo akuti abwana apita kokagula zipangizo. Tsiku lomwe linandipweteka ndi lomwe ndinatseka kaokala kanga n'kukakhala pa benchi yawo kuyambira m'mawa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iwo akuwotcherera geti ya munthu wina amene anabwera pambuyo panga, nthawi zonse "pang'ono chabe akulu". Dzuwa litapendeka akutulutsa dilamu ya lata lofolera nyumba, yopakidwa penti ya siliva kunja ndi mkati momwe, ikununkha thina, eti kuti izioneka bwino. Kenako akundiuza kuti ndiwonjezere ndalama ya penti. Penti yomwe sindinawatume! Ndinati, "Bambo, mmenemu mulowa chinthu choti ine ndi banja langa timwe, inu mungamwe penti?" Anangoti ikapsa kamodzi imatha. Lata lija limakutidwa ndi zinki, likakhala pa lawi limatulutsa utsi woipa wodwalitsa, nanga kuwonjezera penti pamwamba pake. Ndinawasiyira dilamu yawo, dipoziti anakana kubweza, akuti chitsulo adula kale.

Mukamapita kwa amisiri muzinyamula maginito m'thumba. Pa lata amamata zolimba, pa sitenilesi yabwino nthawi zambiri samata. Ndipo chitsulo muzigula nokha n'kupita nacho, musamangopereka ndalama kuti akagule okha.

Chomwe chinandipulumutsa ndi mapoto awiri a sitenilesi ofanana kukula omwe ndinagula mumsika. Mmisiri wina, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anawaboola timabowo tating'ono toti njere singatuluke, anawayang'anizitsa pakamwa n'kuwamanga ndi mabawuti, mkati anaikamo timapiko titatu totembenuza khofi kuti asamangotsetsereka malo amodzi n'kupserera mbali imodzi. Sanawotcherere paliponse mkatimo. Kunja anapanga kabokosi kachitsulo kosunga kutentha, mota anaiika patali pang'ono ndi moto.

Ndikanaiwala za themomita, iyi ndinayamba kugula zonsezi zisanachitike, ndinakaipeza ku Lilongwe, ya waya wautali woyezera kutentha kwambiri, umene amautcha mtundu wa K. Tinaulowetsa kudzera mu paipi yomwe dilamu imazungulirapo kuti nsonga yake izikhudza njere. Khofi amayamba kuthetheka koyamba cha m'ma digiri 196 a Celsius, mumamva thethethe ngati chimanga cha mbuliuli, apa ndiye wayamba kupsa. Mukapitiriza, cha m'ma 224 amathethekanso koma mwakachetechete, njere zimada n'kuyamba kutuluka mafuta, kupyola pamenepo ndi makala. Manambalawa amasuntha malinga ndi pomwe nsonga yakhala, ndiye khutu ndi mphuno zizigwiranso ntchito. Ine ndimachepetsa gasi akangoyamba kuthetheka koyamba, n'kuphula patatha mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, wa ku Misuku akada kwambiri kafungo kake kachipatso kaja kamathawa ndipo zimandimvetsa chisoni, alimi anavutika naye m'mapiri muja.

Mukaphula musazengereze, khofi amapitiriza kupsa yekha ndi kutentha kwake. Ndimakhuthulira mu lichero n'kumapeta panja, mankhusu amauluka okha, njere zimazizira msanga. Mankhusuwo ndi opepuka ndipo sachedwa kugwira moto, choncho zonsezi muzichitira pakhonde, silinda ya gasi ikhale patali, utsi wake ndi wambirinso woti m'nyumba simungakhale. Pa magalamu 250 mumatsala ndi cha m'ma 210 chifukwa madzi amachoka, musaganize kuti sikelo yawonongeka. Ndimasunga mu botolo masiku awiri kapena atatu kuti mpweya utuluke kaye ndisanamwe.

Dilamu yatsopano muyambe mwaiwotcha yopanda kanthu kuti mafuta a kwa amisiri apse, kenako mukazingemo njere pang'ono zotaya. Ndipo ndibwerezenso, sitenilesi, osati lata, penti ayi, wina akakuuzani kuti ikapsa imatha musamvere. Chatsala kwa ine pano ndi chopera, chifukwa mu kamtondo zina zimatuluka ufa zina zikuluzikulu, ndawauza kale alamu kuti andifunsire mitengo ku Mzuzu.