Kudikira ndege ku Mangochi, pa kabwalo kamene helikoputa nazonso zimatera

Munthu wochokera ku Zomba akamapita ku Mangochi amawoloka Shire pa Liwonde, kenaka n'kutsata msewu wa M3 umene umadutsa pa Ulongwe, chakumadzulo kwa nyanja ya Malombe, mpaka kukafika pa boma. Ine ndinayenda njira imeneyi m'mwezi wa Okutobala, a kuntchito atandituma kukalandira alendo amene ankabwera pa ndege yaing'ono ya hayala kuchokera ku Lilongwe, ndipo panali mgwirizano woti ndegeyo pobwerera inditenge pamodzi ndi mnzanga wina, popeza mipando ikanabwerera yopanda anthu. Titagona pa boma, tinalawirira m'mamawa kulowera kumpoto mu msewu wa ku Monkey Bay, pakati pa mitengo ya malambe, mpaka pamene galimoto inakhotera m'kamsewu kafumbi kopita chakunyanja.

Mangochi alibe bwalo lalikulu ngati la Kamuzu ku Lilongwe kapena la ku Chileka. Ali ndi timabwalo ting'onoting'ono, ndipo kamene tinapitako kanali ndi njira imodzi yadothi lotsendereka, kanyumba kamalata, mtengo wachitsulo wokhala ndi thumba lansalu losonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndi mpanda wa waya umene m'malo ena unali utagwa. Panalibe nsanja ya oyang'anira ndege za m'mlengalenga, panalibenso makina ounikira katundu kapena galimoto yozimitsa moto. Amene tinawapeza ndi bambo wina wachikulire wovala jekete yowala, atanyamula wailesi yolankhulirana m'dzanja limodzi ndi thumba la saka m'dzanja lina.

Tisanamalize n'komwe kulonjerana, bambowo anatiuza kuti tiimike galimoto kuseri kwa mzere wa miyala yopakidwa laimu, iwo n'kuyamba kuyenda wapansi kuchokera kumapeto kwa njira ya ndege kukafika kumapeto enawo. Ndinapempha kuti ndiwaperekeze ndipo anavomera, koma anati ndiziyenda pambali pawo, maso pansi. M'thumba lawo munalowa kachidutswa ka waya, chitsekero cha botolo, majumbo awiri amene mphepo inawakola pa udzu, ndi mwala wa msinkhu wa dzira. Pamalo ena anaima n'kupondaponda ndi chidendene pamene chiswe chinali chitayamba kuumba kachulu usiku. Anandifotokozera kuti kamwala kakang'ono kakakokedwa ndi pulopela, chitsulo chozungulira chimene chimakoka ndege, kamasiya bala pa chitsulocho, ndipo balalo likhoza kukula kukhala mng'alu, pomwe jumbo ikaulutsidwa ndi mphepo ya helikoputa ikhoza kukatseka polowera mpweya wa injini. Ntchito imeneyi amaigwira tsiku lililonse limene akuyembekeza chouluka, ndipo mbuzi zikadutsa amabwerezanso.

M'mawa umenewo ankayembekeza zouluka ziwiri, ndege yathu ndi helikoputa imene inkabwera kudzathira mafuta. Helikoputa si zachilendo m'dera lino. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks limayang'anira malo osungira nyama a Liwonde, ndipo mu 2018 linatenganso nkhalango ya Mangochi. Pamene njovu pafupifupi 500 zinkasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, komanso pamene zina 263 zinkapita ku Kasungu mu 2022, madokotala a nyama ankazibaya mankhwala ogonetsa ali m'helikoputa. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, madera ena chakudya chinkawafika kudzera mu helikoputa basi. Choncho kabwalo kamene kanamangidwira ndege za alendo odzaona nyanja kamapezeka kuti kakulandiranso zouluka za mtundu wina, zimene kachitidwe kake n'kosiyana kwambiri.

Kusiyanako kwagona pa liwiro. Ndege yamapiko imakhala m'mwamba chifukwa chakuti ikuthamanga, ndipo ikayamba kutsetsereka kuti itere siingaime panjira kudikira wina. Chimene ingachite ndi kuwonjezera moto, kukweranso ndi kuzungulira kachiwiri. Helikoputa ikhoza kuchepetsa liwiro, kuima malo amodzi, ngakhale kubwerera chammbuyo. N'chifukwa chake pa mabwalo otere chizolowezi n'chakuti ndege zimazungulira bwalo m'njira yodziwika, kawirikawiri zikukhotera kumanzere, pomwe helikoputa imapewa njira imeneyo n'kulowera mbali ina, chapansipo. Popeza palibe wa pa nsanja woti agamule, oyendetsa amangolengeza okha pa wailesi, pa nambala imodzi imene onse a m'deralo amatsegula: ndine wakuti, ndili mtunda wakuti kuchokera pa bwalo, ndili pamwamba motere, ndikufuna kutera cholowera uku. Aliyense amamvetsera ndi kudziikira malo ake. Dongosolo lonseli limadalira kuti munthu anene zoona ndiponso kuti mnzake akhale akumva, ndipo wailesi ya bambo aja inkangowathandiza kutsatira zokambiranazo ndi kuchenjeza ngati pansi pavuta.

Ndege yathu ndiyo inayamba kufika. Siinatere nthawi yomweyo, koma inadutsa kaye motsika pamwamba pa njira yonse, woyendetsa akuyang'ana thumba la mphepo ndiponso ngati pali ziweto kapena anthu, kenaka inazungulira n'kudzatera moyang'anizana ndi mphepo. Itaima, alendo anafuna kutsegula chitseko, koma woyendetsa, mayi wachitsikana ndithu, anawaletsa ndi dzanja kufikira pulopela itasiyiratu kuzungulira. Pulopela ikamazungulira siioneka, imangokhala ngati nthunzi yopyapyala patsogolo pa ndege, ndipo munthu wothamangira kukakumbatira mbale wake akhoza kulowamo maso ali gwa. Mayiyo atatsika anaika timatabwa totsekera matayala, anamangirira mapiko ndi zingwe ku zikhomo zapansi, ndipo anatseka zitseko zonse, ngakhale kuti tinkanyamuka posachedwa. Nditafunsa chifukwa chake, anangoloza chakummawa kumene kunkamveka kugunda kwa helikoputa.

Zimene zinachitika m'mphindi zotsatira ndizo zinandiphunzitsa cholinga cha zingwezo. Helikoputa imadzinyamula pokankhira mpweya wochuluka pansi, ndipo mpweyawo ukagunda nthaka umamwazikira mbali zonse mwamphamvu. Imeneyi inatera kumapeto kwa malo oimikapo, kutali ndi ndege yathu, komabe fumbi lofiira linadzuka n'kuiphimba yonse kwa kanthawi, masamba ouma anawuluka kupitirira denga la kanyumba kaja, ndipo mapiko a ndege yathu ankagwedera pa zingwe zake. Malangizo amene oyendetsa amaphunzira amati ndege yaing'ono isayandikire helikoputa imene ikuyandama pamtunda wochepera katatu kutambalala kwa mapiko ake ozungulira, chifukwa mphepoyo ikhoza kuipendeketsa ngakhale kuigubuduza. Fumbi nalo ndi mdani wa woyendetsa helikoputa mwini wake, chifukwa likamuzinga saonanso pansi pa nthawi imene akufunikira kuona kwambiri. Bambo aja anati akakhala ndi madzi okwanira amawaza pamalopo helikoputa isanafike, koma mu Okutobala dothi limamwa madziwo munthu asanabwerere ndi ndowa yachiwiri.

Mnyamata wina amene anabwera ndi galimoto ya mafuta anayamba kulowera chakumchira kwa helikoputa, injini ikadali kulira. Sindinayembekeze kuti bambo odekha aja angakuwe motero. Anamubweza, kenaka anatembenukira kwa ife tonse n'kunena kuti: "Achimwene, ndi inu nonse, chinthu ichi sitichifikira kumbuyo. Muziima kutsogolo kumene bwana woyendetsa akukuonani, mudikire akukodoleni, muyende chowerama, chipewa chili m'manja, ndipo musanyamule kanthu pamutu kapena paphewa." Kumchira kuli pulopela yaing'ono imene imazungulira mofulumira kuposa yapamwamba, pamsinkhu wa mutu wa munthu, ndipo woyendetsa saona zimene zikuchitika kumeneko. Mapiko apamwamba nawo, akamachepetsa liwiro, amawerama ndipo mphepo ikawomba akhoza kutsika kwambiri. Kwa ife amene tinazolowera kusenza katundu pamutu, lamulo lomaliza lija ndi limene limaiwalika msanga.

Nkhani imene yandikhalitsa m'maganizo ndi ya kanjira. Chapakati pa bwalo pamadutsa kanjira kochokera kumudzi kupita kudooko, ndipo pamene mpanda unagwa ndi pomwe kanjirako kamalowera. Helikoputa ikutera, amayi atatu osenza mabeseni a usipa anaima m'mbali mwa mpandawo pamodzi ndi mnyamata wa kabaza, onse akudikira kuti bambo aja awakwezere dzanja. Palibe anawoloka asanaloledwe, ndipo zinkaoneka kuti n'zozolowereka. Anthu ena akaona waya wogwa amafulumira kunena kuti a m'mudzi ndi owononga. Ine ndikuona kuti mpanda umene umatseka njira yakunyanja, osasiya polowera pena poyandikira, umakhala utagwa kale tsiku limene ukumangidwa, chifukwa mayi wosenza beseni sangazungulire mtunda wautali chonchija padzuwa la ku Mangochi pofuna kupewa ndege imene imabwera mwa apo ndi apo. Chimene chikuteteza anthu pamenepa ndi chakuti bambo aja ndi a m'mudzi momwemo, amadziwa mwini mbuzi iliyonse, ndipo amauza a mfumu tsiku limene kukubwera chouluka kuti ana aziweta mbali ina. Malamulo a bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, lochokera m'pangano la ku Chicago la 1944, amafotokoza za kamangidwe ka mabwalo a ndege ndi malo otera helikoputa, komanso za chitetezo chake, koma pa kabwalo ngati aka zambiri mwa zimenezo zasenzedwa ndi munthu mmodzi, ndipo tsiku limene wadwala malungo mpata umene umatsala ndi waukulu.

Pothira mafuta panalinso kusamala kwake. Helikoputa ija imamwa mafuta a Jet A-1, ofanana ndi palafini, pomwe ndege yathu imamwa petulo wa ndege wopakidwa mtundu wabuluu kuti asasokonezeke ndi wina. Kuthira Jet A-1 m'ndege yapetulo n'koopsa chifukwa injini ikhoza kulira bwinobwino pansi, n'kukazima ndege itangonyamuka. Asanatsegule diramu, mnyamata uja analumikiza waya kuchokera pa pampu kupita ku chitsulo cha helikoputa kuti magetsi odziunjikira okha asathethetse moto, chozimitsira moto chili pambali, ndipo wina amene anatulutsa fodya anauzidwa kuti apite kumsewu. Woyendetsa wathu naye anakhetsa mafuta pang'ono kuchokera pansi pa phiko lililonse m'kabotolo koonekera mkati, n'kukakweza kudzuwa. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho akakhalamo amakhazikika pansi ngati timikanda toyera. Munalibe.

Chitetezo cha katundu chinali cha manja ndi mafunso. Mayi woyendetsa ndege uja anayerekeza mayina athu ndi amene anali pa pepala lake, anaona ziphaso zathu, anatsegulitsa zikwama, ndipo anafunsa ngati tanyamula machesi, palafini, gasi kapena phukusi limene wina watipatsira kuti tikamuperekere. Funso lomalizali ndi lovuta kwathu kuno, kumene kukana kutengera mnzako kaphukusi ka nsomba kumaoneka ngati mwano, koma ndi funso loyenera. Kenaka anatulutsa sikelo n'kuyeza aliyense wa ife, zikwama zathu, ndi chidebe cha utaka wouma chimene mnzanga anagula. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, kutsika kwambiri poyerekeza ndi Lilongwe, kotero mpweya umayenera kukhala wolemerapo, koma kutentha kwa Okutobala kumapepukitsa mpweya, mapiko ndi injini n'kuchepa mphamvu, ndipo ndege imafuna njira yotalikirapo kuti idzuke. N'chifukwa chake mayiyo ankafuna tinyamuke dzuwa lisanafike pamutu.

Mnzanga, amene sanakwerepo ndege yaing'ono, anafunsa za ngozi ya pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Mayiyo sanamuseke. Anamuuza kuti anaimbira kale ku Lilongwe kufunsa za nyengo, kuti njira yathu ikwera mapiri a chakumadzulo kwa nyanja kumene utsi wa moto wa tchire umachepetsa kuona m'miyezi imeneyi, ndipo kuti akaona kuti kutsogolo kwatsekeka abwerera popanda kufunsa maganizo a munthu aliyense. Anawonjezera kuti kabwaloka kalibe magetsi, choncho kukada palibe chotera kapena chonyamuka, ndipo ndege ikagona pano amasiya mlonda, m'mawa n'kuyendera zitsekero za mafuta ndi zitseko kuti aone ngati wina anazigwira.

Helikoputa inanyamuka poyamba. Ife tinali titamanga kale malamba, injini ikulira, koma mayiyo anadikira mphindi zingapo kuti fumbi likhazikike ndiponso kuti mpweya wovunduka umene helikoputa imasiya m'mbuyo mwake uthe. Bambo aja anakaima pa kanjira kaja atatambasula manja, mayiyo analengeza pa wailesi kuti tikulowa m'njira, ndipo tinathamanga mpaka kudzuka tisanafike pa mtengo wa thumba la mphepo wa kumapeto. Tinakhotera kumadzulo, nyanja ili kumanja kwathu, ndipo pasanathe ola limodzi tinali tikulankhula ndi a pa nsanja ya bwalo la Kamuzu, amene anatiuza kuti tizungulire kaye kudikira ndege yaikulu yochokera ku Johannesburg.