Mukafika ku UK musathamangire zatsopano

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku UK, chonde musathamangire kugula zatsopano, ndalama zikutherani nyumba ikadali mbee. Yambani mwazungulira ma charity shop (mashopu a mabungwe achifundo ogulitsa katundu amene wagwirapo kale ntchito), makamaka a British Heart Foundation, ali ndi mashopu a mipando, matebulo, mabedi mpaka mafiliji ndipo mukalipirako pang'ono amakubweretserani pakhomo. Mapoto, mbale ndi masipuni ine ndimakagula ku car boot sale (msika umene anthu amabwera ndi katundu wawo wakale m'magalimoto kudzagulitsa) Lamulungu m'mamawa, kumeneko mumanenerera mtengo ngati pa kaunjika, ingotengani makobidi m'thumba. Pa intaneti, pa Freecycle ndi Facebook Marketplace, ena amangogawa ulere bola mukanyamule nokha. Koma matilesi okha ayi ndithu, gulani atsopano, nsikidzi zikalowa m'nyumba kuzichotsa kwake ndi ntchito yaikulu.