Kalilole sasunga nkhope

Lachinayi lapitali ndi pamene zinandilowa m'mutu. Ndatha miyezi itatu ndili pa kosi ya pa intaneti yophunzitsa kujambula ndi kusunga zithunzi za banja, ndipo nthawi yonseyi mawu awiri aja, sync ndi backup, ndinkangowamva ngati chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri. Usiku umenewo ana atagona ndinati ndiyese ndekha. Ndinajambula kakanema ka khoma chabe, ndinadikira kuti kakwere ku cloud, malo osungira mafayilo pa intaneti, ndinakaona pa laputopu kalipo, kenako ndinakafufuta m'foni. Nditatembenukira ku laputopu, kanali katachokanso. Ndinabwereza kachiwiri, chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinati ohoo, kani sync ndi kalilole. Chimene chili kuno ndi chimene chikuoneka uko, ndipo ukachoka pamaso pake, iye satsala ndi nkhope yako.

Ndinapuma mpweya wautali, pakuti funso limene landizunza kwa zaka ziwiri linali litayankhidwa. Koma chisoni nacho sichinachedwe.

Wachisamba wanga anayamba kuyenda ali ndi miyezi 11. Ndinamujambula akuchoka pa mpando kupita pa mawondo a bambo ake, mapazi anayi okha, manja ali m'mwamba, pakamwa pali yasa. Kanemayo anali wa masekondi 40, ndipo chakumapeto kunkamveka mawu anga ndikukuwa dzina lake. Patapita miyezi foni inadzaza, ndiye ndinayamba kufufuta makanema akuluakulu ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti "ali kumwamba", monga timanenera. Pamene ndinkadzamufuna kanema uja, munalibe m'foni, munalibenso kumwambako. Ndinaganiza za kachilombo, ndinaganiza kuti foni ndi yachinyengo, ndinafika pomukayikira mwana yemweyo kuti mwina anadina china chake poseweretsa. Chatsala lero ndi kope limene ndinatumizira achemwali anga pa uthenga tsiku lomwelo. Nkhope yake mmenemo ndi ya mbuu, ngati ukumuonera pa windo lothimbirira. Ndimamuzindikira chifukwa ndine mayi ake.

Ndikanadziwa msanga ndikanamupeza, chifukwa zofufutidwa sizitheratu tsiku lomwelo. Pa iCloud, cloud ya Apple, zimakhala m'bini masiku 30, pa Google Photos zimene zinakwera kale zinkadikira masiku 60 pa nthawiyo. Komanso pa Google Photos pali batani lina lolembedwa kuti Free up space, limene limachotsa kope la m'foni lokha n'kusiya la ku cloud. Limeneli ndi losiyana kotheratu ndi kachizindikiro ka bini kaja. Mabatani awiri, onse amapereka malo m'foni, koma lina limasunga, lina limataya.

Za lamulo la 3-2-1 sindichulutsa mawu, nonse amene tili pa maphunziro amenewa mukulidziwa, lija anatchukitsa wojambula zithunzi Peter Krogh: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Ine ndinaliloweza sabata yomwe tinaliphunzira, ndipo pa mayeso aang'ono ndinakhoza. Vuto linali pa kawerengedwe. Ndinkati foni ndi kope loyamba, cloud lachiwiri, laputopu imene imaonetsa za ku cloud lachitatu, ndiye kuti ndakwanitsa. Chonsecho linali kope limodzi loonekera malo atatu. Chala chimodzi chikadina molakwa, onse atatu apita limodzi. Kope lenileni, limene ndilo backup, ndi lija limene silimva zimene zikuchitika kwa anzake. Ukafufuta m'foni, ilo lili phee m'kabati, silikudziwa kanthu. Ndabwereza mfundo imeneyi kwa bambo a ana mwina kasanu sabata ino, ndipo nthawi iliyonse ndikaitchula ndimamva kupepukidwa ngati ndangoimva kumene.

Tsopano ndili ndi hard drive ziwiri. Imodzi imakhala kuno, ina ndinakasiya kwa achemwali, ndipo ndimazisinthanitsa tikaonana. Poyamba ndinkafuna kungothira zonse pa fulashi ndi pa memori khadi n'kuziika m'bokosi, koma tinaphunzira kuti zimenezi zimasunga zinthu pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'kati, timene timatha kuchucha pang'onopang'ono chipangizocho chikakhala zaka osalumikizidwa. Hard drive nayo imafa, nthawi zina popanda chenjezo. Ndiye palibe chipangizo chimene ungachipatse zithunzi za mwana n'kuiwalako. Umafunika kumabwerako, kutsegula mafayilo angapo kuti uone ngati akutseguka, ndi kusamutsira pa chatsopano chakale chisanatope. Ngakhale akaunti imafuna kuyenderedwa: kuyambira Disembala 2023, Google ili ndi lamulo loti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi za m'kati mwake. Ndinakumbukira pomwepo anzanga amene anatsegulira khanda akaunti yakeyake kuti adzaipeze akadzakula, n'kuiwala kumalowamo.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani kwenikweni ndi kanjira kanga, kamene ndikukhulupirira kuti kakuposa zonse zimene taphunzira. Ndikayamba kujambula kanema, ndimatchula tsiku ndi pakamwa. "Lero ndi pa 9 Malichi 2025, mzime wathu ali ndi chaka ndi miyezi inayi, akufuna kuvala yekha nsapato." Basi. Masekondi asanu.

Mukudziwa kuti foni imalemba yokha tsiku ndi nthawi m'kati mwa fayilo, zija za EXIF pa zithunzi. Koma zimenezi n'zosakhalitsa. Mapulogalamu ambiri otumizirana mauthenga amachepetsa chithunzi n'kuchotsamo zolembedwazo, ndipo chikafika kwa wolandira chimatenga dzina latsopano ndi tsiku limene chafika. Pa WhatsApp ukatumiza ngati Document m'pamene chimapita chathunthu, koma ndi achibale angati amene amakumbukira kutero mwana akuchita zoseketsa? Ukakopera mafayilo kuchoka pa chipangizo china kupita pa china, tsiku limene kompyuta imaonetsa limathanso kusintha. Ndili ndi foda ya zithunzi pafupifupi 600 zimene zonse zikuti zinajambulidwa tsiku limodzi, tsiku limene ndinasintha foni. Muli khanda la sabata imodzi ndi mwana woyenda kale, onse pansi pa deti imodzi. Pamene mawu otchulidwa ndi pakamwa palibe pulogalamu imene ingawachotse. Kanema achepetsedwe, dzina lisinthe, adutse m'mafoni khumi, tsikulo lili momwemo.

Ndipo pali china chimene sindinachiganizire poyamba. Mawu amenewo ndi anga. Ine ndimakhala kuseri kwa foni nthawi zonse, moti m'zithunzi za ana anga mungayese alibe mayi. Koma m'makanema atsopanowa ndilimo, ndikutchula tsiku, nthawi zina ndi mawu otopa, nthawi zina ndikuseka. Anthu akuluakulu ambiri sakumbukira chilichonse cha asanakwanitse zaka zitatu. Zaka zimenezo mwana amazimva kwa ife, ndipo tsiku lina ife sitidzakhalapo kuti tifotokoze. Ndikaganiza kuti mtsikana wanga adzamva mawu anga a zaka zino iye ali wamkulu kuposa mmene ndilili panopa, ndimaona kuti masekondi asanuwo ndi ofunika kuposa kuwala kwabwino ndi kamera yabwino zitaphatikizidwa. Ndikanakhala kuti kosi ndikuphunzitsa ndine, sabata yoyamba yonse ikanakhala ya zimenezi.

Pa mafoda ndimatsata kalembedwe ka chaka, mwezi, tsiku: 2025-03-09, kenako mawu awiri kapena atatu. Ndi kalembedwe ka ISO 8601, ndipo ubwino wake kompyuta imasanja yokha mwa ndondomeko ya nthawi. Zimenezi n'zosavuta, sindikhalitsapo.

Chimene chikundipweteka ndi mmene kosiyi inakonzedwera. Masabata asanu athunthu tinali pa kuwala: mwana aime pafupi ndi windo, musajambule dzuwa lili kumbuyo kwake, tsikani mufanane naye msinkhu. Ndi zoona zonsezo, ndipo kugwada pansi pojambula kwasinthadi zithunzi zanga. Koma nkhani ya kusunga anaiika kumapeto, kakanema kamodzi ka mphindi 12, ndipo kusiyana kwa sync ndi backup aphunzitsi anangokudutsa m'chiganizo chimodzi ngati aliyense anabadwa akukudziwa. Ndinalemba funso, ndinafotokoza bwinobwino za kanema wa mwana wanga uja. Yankho linabwera patatha masiku 9, mzere umodzi, londiuza kuti ndionerenso kakanema komweko. Ndinakaoneradi katatu. Munthu amene wataya mapazi oyamba a mwana wake sakufunsa za windo ayi. Chithunzi chamdima chimene chilipo ndi chithunzi, chokongola chimene chinafufutika si kanthu. Sindikukana kuti aphunzitsiwo ntchito yawo amaidziwa, koma ndikuona kuti anaiwala kale mmene zimakhalira kusadziwa.

Nthawi nayo ndiye ina. Maphunziro onse amalankhula ngati uli ndi Loweruka lathunthu lokhala pa kompyuta. Ine ndili ndi ola limodzi ana akagona, ndipo theka lake limatha ndikulimbana ndi tulo. Mafayilo ondidikira ndi opitirira 11,000. Ndikati ndisankhe, ndimapeza zithunzi 14 za mphindi imodzi, mwana ali pa mpando womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti apa watsinzina, apa wayang'ana kumbali. Ndimayamba ndi mtima wofufuta 13, koma ndimathera pofufuta ziwiri. Mwezi wa Januwale 2022 wokha unanditengera mausiku anayi.

Malo ndiwo anandikakamiza kusintha kajambulidwe. Google inasiya kusunga zithunzi zopanda malire mwaulere pa 1 Juni 2021, ndipo 15 GB imene amapereka imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Pa iCloud yaulere ndi 5 GB yokha. Mukalowa m'masetingi a kamera ya iPhone, amalemba okha kuti mphindi imodzi ya kanema wa 4K, wooneka bwino kwambiri uja, pa mafulemu 30 pa sekondi imadya pafupifupi 170 MB, pamene ya 1080p, yotsikirapo, imadya pafupifupi 60 MB. Nditawerengetsa, 15 GB ija ndi ola limodzi ndi theka chabe la 4K, pamene pa 1080p ndi maola anayi. Ndinabwerera ku 1080p ndipo sindikuona chimene ndataya. Mwana akuvala nsapato kuphazi lolakwika amaoneka bwinobwino.

Pali kaseti ya VHS m'nyumba muno ya ubwana wa bambo a ana. Apongozi anaisunga mosamala zaka zonsezi, m'chikwama chake, pouma. Yasungikadi, koma tilibe choionera, ndipo kampani yomaliza yopanga makina ake, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Pamene zithunzi za pepala za zaka zomwezo timangotsegula alubamu n'kuona, popanda magetsi, popanda pasiwedi. N'chifukwa chake ndayamba kusindikiza zithunzi 20 pa chaka cha mwana aliyense, n'kulemba kuseri ndi pensulo. Makanema ndimawasunga mu MP4 ndipo zithunzi mu JPEG, chifukwa zimatseguka pa chipangizo chilichonse chimene ndayesa. Kasetiyo ndikaiyang'ana ndimaona hard drive zanga.

Dzulo ndinawerenga za kafukufuku wa Linda Henkel wa ku Fairfield University, amene anasindikizidwa mu 2014. Anatenga ophunzira kupita nawo ku nyumba yosungira zaluso, zinthu zina anawauza kuti azijambule, zina angoziyang'ana. Tsiku lotsatira ankakumbukira bwino zimene anangoziyang'ana kusiyana ndi zimene anajambula, kupatula pamene anakokera kamera pafupi kuti ajambule kachigawo kamodzi ka chinthucho. Ndikudziwa kuti chosema cha m'nyumba ya zaluso si mwana wako. Komabe zandikhala pamtima, chifukwa ndikayesa kukumbukira mapazi anayi aja, chimene chimabwera ndi kagalasi ka foni ndi chala changa pambali pake. Nkhope ya bambo ake pomulandira sindikuikumbukira. Kaya ndinaiyang'ana n'komwe.

M'mawa uno mzime anaima pakhomo akuyimba kanyimbo kake kopanda mawu enieni, akugwedeza mutu. Foni inali pa tebulo, pafupi pomwe. Sindinaitenge, ndinangomumvera mpaka anasiya yekha n'kuthamangira kwina. Tsiku lonse ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinachita bwino. Kanyimboko ndikukakumbukira panopa, koma mwezi wamawa? Ndipo iyeyo akadzakula, adzafuna zonsezi zimene ndikumusungira, kuphatikizapo zija akulira, zija ali m'bafa, kapena adzandifunsa kuti ndani anandipatsa chilolezo? Wachisamba wayamba kale kubisa nkhope ndi manja akaona foni. Ndimaitsitsa akatero, koma za kale zija zilipo, pa hard drive ziwiri, ndipo sindinaganizebe kuti ndi ziti zimene zili zake zoti adzasankhe yekha. Usiku uno ndikuyamba Febuluwale 2022, ndiona mmene zithere.