Ku Dublin ndinamvetsa Ulysses ndi makutu

Ndinatsika basi mumzinda wa Dublin ku Ireland mvula ikuwaza, n'kutsata mtsinje wa Liffey kufunafuna hotela ya Ormond. Sindinaipeze, anaigumula kale. Komabe ndinaima pa Ormond Quay kwa kanthawi, chifukwa nkhani ya m'mutu 11 wa Ulysses, buku la James Joyce lomwe linatuluka mu 1922, imachitikira pamenepa, cha m'ma 4 koloko madzulo pa 16 June 1904.

Mutu umenewu unali utandikanika kawiri konse. Umayamba ndi tizidutswa ta mawu pafupifupi 60, tosalumikizana, ndipo ndinkangoti wolembayo akuzunza owerenga.

Maganizo anga anasinthira ku Sweny's, sitolo yakale ya mankhwala pa Lincoln Place, komwe anthu amakhala mothithikana n'kumawerenga mabuku a Joyce mokweza, mosinthanasinthana. Tsikulo anali pa mutu womwewu. Bambo wina wachikulire atayamba kuwerenga, ndinazindikira zimene maso anga ankaphonya. Tizidutswa tija n'chimodzimodzi woimba limba akamalawitsa nyimbo kwaya isanalowe: kalikonse kamadzabweranso kutsogolo, pamalo pake, katakhala ndi tanthauzo.

Joyce anali woimba tenala, ndipo mu 1904 anapata mendulo pa mpikisano wa nyimbo wotchedwa Feis Ceoil. Iye ankati mutuwu anauumba ngati fuga, nyimbo imene liwu limodzi limayamba, lina n'kulowa kumalithamangitsa, kenako linanso. Ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ndiye zimenezi sizinali zachilendo. M'mutuwu, atsikana awiri ogulitsa mowa ali ndi kamvekedwe kawo, bambo wina dzina lake Simon Dedalus akuimba pa piyano, ndipo ndodo ya mnyamata wakhungu wokonza mapiyano ikugogoda pansi, kuyandikira pang'onopang'ono ngati ng'oma yosunga nthawi.

Chimene chinandigwira mtima ndi Leopold Bloom, mwininkhani wa m'bukuli. Wakhala m'chipinda chodyera, akumvera nyimbo zachikondi kuchokera kuseri, akudziwa kuti pa ola lomwelo mwamuna wina ali pa ulendo wopita kwa mkazi wa Bloomyo. Chisoni chakecho sachitchula bwinobwino. Chimangobwerabwera m'mawu omwewo, ngati kolasi yokana kuchoka m'mutu.

Nthawi yanga yowerenga itakwana, lilime linkakola, koma ndinamaliza ndime yanga. Ndinagula sopo wa fungo la mandimu, wonga amene Bloom anatenga m'sitolo yomweyi, n'kubwereranso kumtsinje wapansi.