Musanagule makina okumba Bitcoin, werengani kaye mayunitsi

Funso lomwe achinyamata ambiri kuno ku Zomba amayamba nalo ndi lakuti makina okumba Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, amagulidwa kuti komanso ndi ndalama zingati. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: yuniti imodzi ya magetsi mumagula pa mtengo wanji? Ntchito yonseyi yagona pamenepo. Wokumba amagula magetsi, makina n'kuwasandutsa kachigawo ka Bitcoin. Magetsiwo akadula kuposa kachigawoko, ndiye kuti mukutaya ndalama ola lililonse lomwe makinawo akulira.

Tiyambe ndi chomwe makinawo amachita. Bitcoin inayamba mu Januwale 2009, ndipo kuyambira nthawi imeneyo, pafupifupi mphindi 10 zilizonse pamatsekedwa tsamba limodzi la kaundula wa malonda onse, lomwe amalitcha block. Makina a padziko lonse amapikisana kulota nambala yotsekera tsambalo, ndipo amene wayamba kuipeza amalandira mphotho. Mphothoyi imadulidwa pakati zaka zinayi zilizonse. Kuchokera mu Epulo 2024 ili pa 3.125 BTC (BTC ndi chidule cha Bitcoin). Masamba amakhala pafupifupi 144 patsiku, kutanthauza kuti okumba onse amagawana 450 BTC patsiku. Okumba akachuluka, mphika sukula ayi, imachepa ndi mbale ya aliyense, chifukwa pakatha masamba 2,016 aliwonse, pafupifupi masabata awiri, kuvuta kwa masamu olotera nambala ija kumasinthidwa kuti mphindi 10 zija zisasunthe.

Foni kapena laputopu sizingakumbe Bitcoin yooneka ndi maso. Nthawi imeneyo inapita kalekale. Ngakhale makadi a zithunzi a m'makompyuta a masewera, omwe anthu ankakumbira Ethereum, ndalama ina ya pa intaneti, anatha msika mu Seputembala 2022 pomwe Ethereum inasiya kukumbidwa. Lero ntchitoyi ndi ya makina otchedwa ASIC, omwe sadziwa ntchito ina iliyonse.

Titenge Antminer S19 Pro, yomwe imapezeka kwambiri pamsika wa makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Liwiro lake ndi 110 TH/s, kutanthauza kulota nambala mathiriliyoni 110 pa sekondi, ndipo imakoka mawati 3,250. Chulukitsani 3.25 ndi maola 24, mupeza mayunitsi 78 patsiku, kapena 2,340 pamwezi. Imani kaye apo, mukumbukire mayunitsi omwe nyumba yanu ku Matawale kapena ku Chinamwali imadya pamwezi ndi firiji, ayironi ndi mababu. Tsono mbali ya zolowa: mu 2025 mphamvu ya okumba onse pamodzi inafika cha m'ma 1,000 EH/s (EH/s imodzi ndi TH/s miliyoni imodzi). Gawo la makina anu pamenepo limakupatsani pafupifupi 0.00005 BTC patsiku. Tiyerekeze kuti Bitcoin imodzi ikugulidwa madola 100,000. Ndiye kuti mwapeza madola asanu. Gawani madola asanuwo ndi mayunitsi 78, mupeza masenti asanu ndi limodzi ndi kadontho. Ngati yuniti mukugula kuposa pamenepo, palibe phindu, ndipo apa sitinawerengere mtengo wa makinawo, wa kuwanyamula, ndi msonkho wa MRA. Tengani risiti yanu yomaliza ya mayunitsi a ESCOM, mugawe ndalama yomwe munalipira ndi mayunitsi omwe munalandira, muike mtengo wa Bitcoin wa tsikulo, muone nokha. Dziwaninso kuti mitengo ya magetsi imasiyana pakati pa nyumba ndi bizinesi, ndipo MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, imaisintha nthawi ndi nthawi. Makina atsopano ngati S21 amachita 200 TH/s ndi mawati 3,500, choncho amapirirako magetsi odula, koma mtengo wake ndi wina, ndipo amagulidwa ndi madola, omwe chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akhala ovuta kuwapeza.

Tinene kuti masamu akulolani. Vuto lotsatira lili pakhoma. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fiyuzi ya 13 A, ndipo pa mavoti 230 malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. S19 Pro imakoka 14 A usana ndi usiku osapuma. Ili ndi zingwe ziwiri zolowetsa moto, ndiye ena amazilowetsa zonse mu ekisitenshoni imodzi ya pamsika. Masiku ochepa okha pulasitiki imayamba kununkha, mabowo a soketi amada ngati apsa ndi kandulo, ndipo mapeto ake ndi moto m'nyumba. Itanani wa zamagetsi wa chiphaso akukokereni laini yakeyake kuchokera pa bokosi la mabuleka, waya wa 4 mm², buleka ya 20 A, ndi waya wa pansi wokhomeredwa bwino. Muikenso chotchinga mphezi, pakuti mvula ya Disembala mpaka Malichi kuno kumunsi kwa phiri imabwera ndi ziphaliwali zosaseweretsa. Makinawa amafuna mavoti a pakati pa 200 ndi 240. Madzulo anthu akayatsa makuka, moto ukatsika, amazima okha n'kuyambiranso. Kuzimazima kotere kumapha bokosi lake la moto msanga kuposa ntchito yeniyeniyo.

Nanga magetsi akathima? Ola lomwe makina ali chete ndi ola lopanda cholowa, koma ngongole yomwe munagulira makinawo ikuyendabe. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tinaona zomwe zinachitika namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Jenereta musaiganizire n'komwe: lita imodzi ya dizilo imapereka mayunitsi atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye makina amodzi akufuna malita oposa 20 patsiku. Sola nayonso si yophweka monga amanenera. Kuti mupeze mayunitsi 78 ndi dzuwa la maola asanu, mukufunika mapanelo a mawati 550 oposa 30, ndi mabatire aakulu oti anyamule usiku wonse. Kumene ntchitoyi yayenda m'dziko muno ndi komwe kuli magetsi otsala opanda wogula, monga ku Bondo ku Mulanje, komwe kampani ya Gridless inaika makina pa kamalo kopangira magetsi ndi madzi a m'phiri. Amagwiritsa ntchito moto womwe ukanangotayika.

Kutentha ndi phokoso anthu amazipeputsa mpaka atazimva. Mawati onse 3,250 aja amasanduka kutentha, ngati mwayatsa mahita atatu m'chipinda chimodzi. Mpweya wozizira uzilowa mbali imodzi, wotentha uzituluka panja kudzera m'paipi kapena pazenera, osabwereranso kukamwa kwa makina. Mu Juni ndi Julayi Zomba imathandiza, koma Okutobala akafika muziona nambala za kutentha tsiku ndi tsiku. Fumbi la chilimwe limamatirira pa timapiko ta zitsulo zoziziritsa, likakumana ndi chinyezi cha dzinja limasanduka matope odya mabolodi, matabwa a zamagetsi omwe amachita masamuwo mkati mwa makina. Ikani sefa polowera mpweya ndipo mwezi uliwonse muzizimitsa makina n'kuwapemerera ndi chopopera mpweya. Phokoso lake ndi la madesibelo pafupifupi 75, kulira kosalekeza. Pa nyumba za lendi za ku Chikanda, zomwe khoma ndi limodzi ndi mnansi, simutha sabata musanaitanidwe ndi a landilodi.

Kulumikiza kwenikweniko n'kosavuta. Makinawa alibe Wi-Fi, amafuna chingwe cha intaneti kuchokera ku rauta, ndipo data amadya yochepa, bola isamadukeduke. Mukawayatsa, pezani nambala yawo ya IP, yomwe ndi adiresi yawo pa netiweki, pa rauta, muilembe mu bulawuza, mulowe ndi dzina ndi pasiwedi zomwe amabwera nazo, ndipo musinthe pasiwediyo nthawi yomweyo. Kenako lembani adiresi ya gulu lokumbira limodzi, lomwe amati pool, monga Braiins Pool, F2Pool kapena ViaBTC. Wokumba yekha angathe zaka zambirimbiri osapeza tsamba ndi limodzi lomwe. Gulu limagawa zopeza tsiku ndi tsiku n'kudulapo peresenti zochepa. Pakatha theka la ola onani ngati mabolodi onse atatu akuoneka ndiponso ngati liwiro lafika pafupi ndi 110. Likakhala cha m'ma 70, bolodi imodzi yafa kapena chingwe chake chamasuka. Ogula makina akale, muzipempha kanema woonetsa tsamba limeneli makina atayenda maola angapo, musanatumize kanthu.

Chikwama chosungira ndalamazo, wallet, chitsegulidwe makina asanafike. Chidzakupatsani mawu 12 kapena 24. Alembeni papepala ndi dzanja, osawajambula, osawatumiza pa WhatsApp. Wina akawaona, ndalama zonse zapita ndipo palibe ofesi yokadandaulako. Reserve Bank of Malawi inanena kale poyera kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, choncho mukapusitsidwa palibe wokubwezerani. Ichi n'chifukwa chake ndimadana nazo zedi nkhani za anthu omwe amati tumizani ndalama pa foni, ife tikukumbirani kunja, muzilandira phindu lokhazikika tsiku lililonse, ndipo mukabweretsa mnzanu mulandira bonasi. Palibe wokumba weniweni angalonjeze phindu lokhazikika, poti mtengo ndi kuvuta kwa masamu zimasintha nthawi ndi nthawi. Ndalama zomwe oyamba amalandira kumeneko ndi za omwe alowa pambuyo.

Amene cholinga chake n'kuphunzira, pali njira yosapweteka thumba. Kamakina kotchedwa Bitaxe kamadya mawati osafika 20, kamakhala pa tebulo, ndipo kamakuphunzitsani zonse za pool, wallet ndi kutentha, ngakhale kuti sikabweza ndalama yake. Kapena ikani pulogalamu ya XMRig pa kompyuta yanuyanu, osati ya ku ofesi kapena ya kusukulu, mukumbe Monero, ndalama ina ya pa intaneti, kwa sabata imodzi. Lembani nambala ya pa mita poyamba ndi pomaliza, muchotsepo zomwe nyumba imadya masiku onse, kenako muyerekeze mtengo wa mayunitsi otsalawo ndi zomwe zalowa mu wallet.