Kreef inadzuka mu taxi ya ku Wynberg

Poti ena mwayamba kale kufalitsa zoti ndinagwidwa ndi chizimba mu taxi, bola ndifotokoze ndekha isanafike kwa amayi kumudzi.

Inali kreef abale, lobster ya kuno ku Cape Town, chamoyo cha m'nyanja chonga nkhanu koma cha mchira ndi nyanga zitalizitali. Kuntchito kwathu ku Hout Bay timazilongedza zamoyo m'mabokosi, zambiri zimakwera ndege wa ku China, ndiye timayamba taziika m'madzi ozizira kwambiri kuti zigone zisavute panjira. Tsikulo ina inathyoka miyendo, zolumala ogula safuna, bwana nkuti tenga ukadye. Ine kukulunga munyuzi, kuika mujumbo, jumbo pamiyendo.

Tikukwera Constantia Nek, taxi yodzadza mawindo otseka thukuta kamukamu, ndinangomva jumbo ikupuma. Kenako nyanga. Nyanga yaitali kutulukira pachogwirira, ikufufuza pang'onopang'ono kumanzere, kumanja, kubwereranso kumanzere, mpaka kukasisita khosi la mayi wina wa yunifomu ya mpingo kutsogolo kwanga. Mayi kutembenuka kundiyang'ana. Ine maso pawindo. Nyanga kusisitanso, ulendo uno mwachikondi ndithu. Mayi kutembenukanso ndi Baibulo m'manja. Apo mpamene chinthu chija chinamenya mchira, phaphapha, jumbo kudumpha yokha kukagwera pansi pa mpando!

Kukuwa kwake anamva ndi aku chilumba cha Robben Island omwe. Gaatjie, kondakitala wa taxi, anatsegula chitseko galimoto isanaime, wina nkuti ndi muti (chizimba m'chinenero cha kuno), wina nkuti ndi aku Malawi amenewa, ine ndili chogwada pansi pa mipando kuitana kreef ngati nkhuku.

Tsono amene mukuti inaluma munthu mukunama. Zokhala ndi zopanira zikuluzikulu, zomwe amazimanga ndi malabala zija, ndi za ku Canada ndi ku Maine ku America, yathuyi ili ndi minga ndi nyanga basi. Ndipo chomwe mukuchitcha chizimbacho ndi ndalama, kafunseni asodzi a ku Australia mmene analilira mu 2020 China itasiya kuwagula zawo. Ine ndinanyamula chuma, kungoti chuma chake chinatenthedwa. Wotseka mawindo sindinali ine.

Ananditsitsa, ndalama yanga osabweza. Kunyumba ndinaiphika ndi tomato ndi anyezi, nyama yake kumchira kokha, nsima inatsala yambiri. Mawa lake ndinagula mapazi a nkhuku.